Kumeta Maliro Munthu Ali Moyo

Gordon anafika pakhomo atameta mpala, chonsecho m'mudzi munalibe maliro.

Mayi ake, a Maud, anali kutembenuza usipa pathandala. Atauona mutuwo, manja awo anaima.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga wameteranji? Nsabwe?"

Gordon sanaseke. "Tameta tonse, ine ndi anzanga. Tadzimetera maliro athu tili moyo. A Andreya akuti munthu amene wameta kale maliro ake alibenso choopa."

A Maud anakhala pansi pamchenga pomwepo. Tsitsi amameta anamfedwa, maliro ataikidwa kale. Iwo ndi Gordon analimeta chaka chapitacho, amuna awo atamira ndi mphepo ya mwera. Tsopano mwana mmodzi yekha amene anali naye anali atameta kachiwiri, akunena kuti malirowo ndi ake.

Izi zinkachitika m'zaka zimene dziko linali ndi chipani chimodzi, m'mudzi wina wa kum'mawa kwa nyanja, pafupi ndi mishoni yakale ya Angilikani. Masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanayankhule zakukhosi.

Chimwalirire bambo ake, Gordon anali munthu wa phee. Akachoka kokoka khoka ankakhala yekha pabwato la malemuwo, osacheza ndi wina aliyense. M'nyumba munkangomveka mapazi a anthu awiri. Kenaka kunabwera Andreya, mnyamata wamkulu wochokera kuboma, amene anati wabwera kudzalimbikitsa achinyamata pa za chipani. Andreya sanali waukali. Ankadziwa dzina la mnyamata aliyense. Tsiku loyamba anakhala pambali pa Gordon, namugawira chinangwa chootcha, nafunsa za bambo ake. Masana, asodzi akamasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, iye ankakamba nkhani, ndipo yokondedwa kuposa zonse inali ya Uladi.

"Uladi anali ngati inu nomwe," ankatero Andreya ndi mawu otsika, kuti anyamata asendere pafupi. "Mlovi wamba wokoka khoka la eni, wamasiye, malaya amodzi. Atamva kuti kuli anthu okana khadi la chipani amene akubisa adani a dziko, sanadikire kutumidwa. Anapita yekha. Anamuzinga ndi zikwanje, iye osabwerera m'mbuyo. Anagwa akuimba. Mayi ake atamva sanagwetse msozi. Analuluta nthungululu, nati, 'Ndikanakhala ndi mwana wina, ndikanamperekanso.' Lero akuluakulu m'matauni amavula zipewa akamva dzina lake. Nanga inu adzakukumbukani ndi chiyani? Mamba a usipa?"

Nkhaniyo inkakula tsiku ndi tsiku. Adani a Uladi ankachuluka, nyimbo yake inkatalika. Gordon anayamba kuyenda chowongoka ndi kudya bwino, moti poyamba a Maud anathokoza Mulungu kuti mwana wapeza anzake.

Tsiku la mpala lija ndi pamene a Maud anamva zonse. Kutsidya kwa gombe lawo kunali kamudzi ka mabanja ochepa amene ankakana kugula khadi chifukwa cha chipembedzo chawo. Andreya anauza anyamata kuti amenewo ndi abale a anthu amene anapha Uladi. Loweruka likudzalo anayenera kuwoloka kukatentha nyumba ndi maukonde awo. Gordon ndiye anali wopalasa bwato lalikulu la bambo ake, komanso woyatsa moto woyamba.

"Akulakwira chiyani anthu amenewo?" anafunsa a Maud.

"Si za ine, amayi. Ndi za dziko."

"Ali ndi mikondo yophera mvuu. Akakubaya?"

"Ndiye kuti ndafa ngati Uladi. Inu mudzaluluta."

"Ine? Ndilulute chiyani?"

Gordon anatenga nkhwangwa n'kuchoka.

Masiku otsatira anagwira ntchito ngati munthu wa paulendo. Anawaza nkhuni zambiri n'kuziunjika kukhonde. Anakonza chitseko chimene chinakhala chikugwedera kuyambira dzinja. Malaya ake a kutchalitchi anapatsa mnzake Paulo. A Maud ankaona zonsezi, chilichonse chikuwalasa mumtima. Analibe womuuza. Kudandaula poyera kukanamveka ngati akunyoza chipani, ndipo amayi anzawo a kutchalitchi nawonso anali ndi ana awo m'gulumo, aliyense akuopa mnzake. Masana ankalowa m'tchalitchi mulibe munthu, n'kugwada kumbuyo kwenikweni. Mawu a pemphero sankabwera. Ankangoti, "Ambuye, ndi mmodzi yekhayu."

Amene anazindikira anali a Che Atumani, mnansi wawo wachisilamu, mwini khoka limene Gordon ankakokako. Anali munthu wachikulire, wodwala mawondo. Ataona kuti a Maud sakubweranso kugombe kudzalandira ndiwo monga mwa masiku onse, anadzitengera okha kambale ka nsomba za kambuzi n'kufika nako pakhomo.

"Odi, amake Gordon. Kodi ndiwo zathu zayamba kuwawa?"

A Maud anayesa kumwetulira, koma misozi inawatsogolera. Anawayalira mphasa, nawauza zonse monong'ona.

A Che Atumani anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita bondo lawo. "Mitu yometayo ndaiona," anatero. "Ndimati mwina ndi masewera a anyamata. Mwamukalipira?"

"Ndamukalipira, ndalira, ndamukumbutsa bambo ake. Akuti ndine wamantha."

"Musamukalipirenso. Nkhani ikalowa mumtima situluka ndi kukalipa. Mukamuletsa, akuona ngati nkhani ija ikutsimikizika, chifukwa anamuuza kale kuti amantha adzamuletsa." Anacheuka kuyang'ana kunjira, natsitsa mawu. "Uladi ameneyu anali mlovi wanga, ndisanasamukire kuno. Anakoka khoka langa kuyambira ali wamng'ono. Mayi ake alipo, a Abiti Sumani, amakhala ku Chowe. Khoka likapha bwino ndimawatumizira gawo la mwana wawo."

"Ndiye bwanji simunena pagulu kuti anyamata amve?"

"Ndikanena ine pansi pa mango paja, mawa mundipeza ndili m'galimoto ya kuboma. Komanso anyamata angoti nkhalamba yachita nsanje. Koma dengu la nsomba lili apo, ndipo mawondo angawa sangakwere phiri. Gordon amamukonda Uladi. Apite akaone mayi ake."

M'mawa mwake, khoka litatuluka, a Che Atumani anaitana Gordon.

"Iwe wa mutu ngati chipanda, tabwera kuno. Tenga chipewa ichi, dzuwa lingakuphikire ubongo, ndi wochepa kale." Anyamata anaseka. Kenaka anamutengera pambali. "Ndamva kuti umamulemekeza Uladi. Njinga yanga iyo. Kapereke nsomba izi kwa mayi ake ku Chowe. Ukafunse pa mzikiti, akakulozera."

Maso a Gordon anawala. "Mayi ake enieni? Amene analuluta aja?"

"Omwewo amene anamubala."

Njira ya ku Chowe ndi yokwera. Gordon anakankha njinga malo ambiri, koma sanatope. M'mutu mwake ankakonza mawu oti akanene. Ankayembekeza kupeza nyumba ya malata ndi anthu olowa ndi kutuluka.

Mwana wina pa mzikiti anamulozera kumapeto kwa mudzi. Kumeneko kunali nyumba imene denga lake linali litagwera m'kati mbali imodzi. Udzu unali utamera mpaka pakhomo. Mayi wina wowonda anali pakhonde la kakhitchini, akusenda chinangwa ndi mpeni wopanda chigwiriro.

"Odi, amayi. Ndikufuna a Abiti Sumani."

"Ndine. Lowani, baba."

Gordon anatsitsa dengu, nanena kuti lachokera kwa a Che Atumani. Mayiwo analandira ndi manja awiri, nadalitsa a Che Atumani ndi ana awo. Anamutungira madzi m'chikho, napepesa kuti atsala a pansi pa mtsuko, popeza chitsime chili kutali. Gordon anagwada n'kuvula chipewa mwaulemu.

Mayiwo anauyang'ana mutu wake. "Pepani, baba, sindinadziwe. Wamwalira ndani kwanu?"

"Palibe, amayi. Tadzimetera tokha, kuti tikhale olimba mtima ngati mwana wanu Uladi."

Mpeni unagwa pansi. A Abiti Sumani anayang'ana chinangwa cha m'lichero.

"Nayenso anabwera chonchi," anatero. "Anaima pomwe mwagwadapo, mutu uli mbee. Ndinamufunsa funso lomwelo."

Gordon anadabwa. "Uladi anameta? A Andreya sanatiuze zimenezo."

"Andreya sindimudziwa. Wa nthawi imeneyo anali ndi dzina lina. Ankawakambira za mnyamata wina wa kumpoto amene anafa akuimba, mayi ake n'kululuta. Uladi ankabwera kunyumba akulira ndi nkhani imeneyo." Anayang'ana uku ndi uku, ngakhale kunalibe munthu. "Akuti mwana wanga anafa bwanji?"

Gordon anafotokoza za zikwanje, za nyimbo, za nthungululu. Pamene ankanena, mawu ake ankachepa, chifukwa nkhope ya mayiwo sinkasintha.

"Palibe anamutema," anatero a Abiti Sumani. "Anapita ndi anzake kukatentha nyumba ya anthu amene sankawadziwa n'komwe. Kunali mphepo. Palafini anamutayikira pamalaya, moto unamubwerera. Anzake anathawa. Amene anamuzimitsa ndi bulangeti ndi eni nyumba omwewo, nyumba yawo ikupsa. Anamunyamula pamachira mpaka pano, anamusiya pakhonde, n'kuthawa kuopa kumangidwa. Mayi wa m'nyumbamo anamufunditsa nsalu yake."

"Sanaimbe?"

"Aimbe ndi pakamwa pati? Anagona m'nyumba iyo masiku angapo. Ankangopempha madzi. Akatsitsimuka ankafunsa kuti, 'Amayi, ana aja anatuluka?' Ndinkamuuza kuti anatuluka onse. Sindikudziwa ngati ankandimva, chifukwa ankafunsanso."

Gordon anayang'ana pansi. "Nanga nthungululu?"

"Ndinalira mpaka mawu anatha, baba. Mpaka lero akamaluluta paukwati ndimatseka makutu. Amene amanena kuti ndinaluluta sanafikepo pano. Pamaliro panabwera achibale ndi anthu a ku mzikiti basi. Dzina la mwana wanga likuyenda m'midzi, ine ndili pano ndi denga ilo. Ankalifolera ndi iye." Anatola mpeni uja. "Mayi anu alipo?"

"Alipo."

"Muli angati?"

"Ndekha."

A Abiti Sumani anapitiriza kusenda chinangwa.

Gordon anadzuka, natenga mtsuko n'kupita kuchitsime. Atabwera analambula udzu wa pakhomo ndi khasu. Denga silikanatheka tsiku limodzi. Potsanzika, mayiwo anamupatsa zinangwa ziwiri za kamba wa panjira, nati, "Zimene ndanenazi musazitchule dzina langa pagulu. Ndakalamba, sindingathe kundende."

Dzuwa lisanapendeke kwambiri anali atafika kwawo. Anabweza njinga kwa a Che Atumani n'kukhala pansi pambali pawo.

"Wawaona?" anafunsa mkuluyo.

"Ndawaona. Koma ndinalumbira, a Che Atumani. Ndinagwira dzanja la a Andreya pamaso pa anzanga."

"Lumbiro lokachita choipa Mulungu salilandira, kaya kutchalitchi kwanu kaya ku mzikiti kwathu. Kuliphwanya si tchimo. Koma uchenjere. Usakatsutsane naye pagulu, usakamutche wabodza, angakusandutse iwe mdani wa dziko. Anzako uwauze mmodzimmodzi, pachingwe cha khoka, pamene palibe womvetsera. Ndipo nkhani iliyonse imene ikukupempha magazi, uziifunsa mafunso. Woikambayo anaona ndi maso? Iye mwini apita nawo? Nanga otsala adzawasamala ndani?"

Kunyumba Gordon anapeza mayi ake akusankha mpunga. Anakhala pambali pawo n'kuyamba kuchotsa nawo timiyala. Anangoti, "Amayi, kuchitsime kwa a Abiti Sumani ndi kutali." A Maud anamuyang'ana, nasendeza lichero kuti lifike pakati pa awiriwo.

Masiku otsalawo Gordon ankasinthasintha malo pachingwe cha khoka. Anayamba ndi Paulo.

"Wanama," anatero Paulo. "Wangochita mantha iwe."

"Mantha ndili nawo. Koma njinga ilipo, pita ukaone wekha denga lija."

Paulo sanapite, koma anasiya kuimba nyimbo ya Uladi. Ena awiri anamvetsera mwakachetechete. Mmodzi anamulavulira pamapazi.

Loweruka m'mawa anyamata anasonkhana pagombe. Andreya anabwera atanyamula chigubu cha palafini ndi nsanza zokulunga kumitengo. Anakambanso nkhani ya Uladi, ndipo tsiku limenelo anaikamba bwino kuposa kale lonse, moti ngakhale Gordon anamva tsemwe. A Maud anaima patali pafupi ndi thandala, milomo ikugwedera ndi pemphero.

"Kankhani bwato!" anatero Andreya.

Gordon anatenga nkhafi imodzi n'kupita nayo kwa iye, atagwira ndi manja awiri. "Achimwene, ife ndife ana. Khalani kutsogolo inu, mutionetse nyumba zake. Moto woyamba ukhale wanu, ife titsatire."

Andreya anaseka pang'ono. "Ayi, mphwanga. Ine ndiyenera kutsala kuti ndikapereke uthenga kuboma. Wina ayenera kukanena za kulimba mtima kwanu."

"Uthenga mukapereka tikabwerako."

"Nanga mukapanda kubwera, adzakamba nkhani yanu ndani?"

Pagombe anyamata anayang'anana. Ndi Paulo amene anayankhula, akukanda mutu wake wometa.

"Kodi achimwene, inu tsitsi lanu bwanji lili lonse? Lumo linathera pa ife?"

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Andreya anakwiya. Anawatcha amantha, akazi, ana osayamika. Koma mawu ake okalipa analibe mphamvu ngati mawu ake otsika aja. Gordon anaika nkhafi pansi, nati mwaulemu, "Bwato ili ndi la usodzi. A Che Atumani akutidikira kukhoka." Anatembenuka. Paulo anamutsatira, kenaka enanso. Awiri amene anatsala ndi Andreya analibe bwato, ndipo palibe mwini bwato wina amene anapezeka pagombe m'mawa umenewo.

Sizinathere pomwepo. Kwa miyezi ingapo anthu ena ankapewa nyumba ya a Maud, kuopa kuoneka nawo. Kumsika ankawabweza pachipata ngakhale ataonetsa khadi lawo, ndipo usipa wawo ankakawagulitsira ndi akazi a a Che Atumani. Gordon ankayenda yekha, ena akumuimbira nyimbo zomunyoza. Koma kamudzi ka kutsidya sikanapse, ndipo palibe mayi wa m'mudzi mwawo amene anaika mwana chaka chimenecho chifukwa cha ulendo umenewo. Andreya ataona kuti pansi pa mango anthu ayamba kuchepa, anasamukira kwina.

Mvula isanayambe, Gordon ndi Paulo anamweta udzu, nakwera nawo ku Chowe. A Maud anapita nawo. Anyamata ali padenga, amayi awiriwo anakhala pakhonde, wina Mkhristu wina Msilamu, akusenda chinangwa. Pochoka, a Abiti Sumani anagwira dzanja la a Maud nthawi yaitali, nati, "Wanu wabwerera. Alhamdulillah, Mulungu atamandike." A Maud anayankha kuti, "Ameni."

Nkhani yokambidwa bwino ili ndi mphamvu. Imatha kutonthoza, komanso imatha kutuma munthu kukapha kapena kukafa. Imagwira msanga amene ali yekha, wofedwa, wosowa womutchula dzina. Choncho tisasiye achinyamata athu okha mpaka mlendo akhale woyamba kuwafunsa za mumtima. Mwana akatengeka, tisathamangire kumukalipira. Timuthandize kuti akaone yekha anthu enieni amene akutchulidwa m'nkhaniyo. Ndipo wina akatiuza kuti imfa yathu kapena ya mnzathu ndi yokoma, timufunse ngati anaona ndi maso, ngati iye mwini apita nawo, ndiponso amene adzasamale otsala. Moyo anatipatsa ndi Mulungu. Munthu wodziwa kuyankhula asatilande.